Kumene Windows imabisa katundu wake

Malaputopu ambiri omwe ndimakonza kuno ku Kafue amabwera ndi dandaulo limodzi: malo atha, chonsecho mwiniwake sanasungemo chilichonse chachikulu. Aphunzitsi a ku Kafue Estates, makalaliki, ana asukulu, onse amaganiza kuti vuto ndi zithunzi zawo. Kawirikawiri si zithunzi ayi.

Windows ikamatsitsa ma update, imayamba yawaunjika mu C:\Windows\SoftwareDistribution\Download, kenako n'kuwaika m'malo mwake. Magetsi akathima ntchitoyi ili mkati, zidutswa zimatha kutsalira momwemo, bandulo yomwe munaigula movutikira n'kupita pachabe. Makina akasamukira ku mtundu watsopano wa Windows, wakalewo umasungidwa mu Windows.old kwa masiku 10, ndipo umadya magigabaiti ochuluka. Musafufute pamanja, tsegulani Disk Cleanup, imadziwa zoyenera kutaya.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi mafayilo ogwidwa. Munthu wapita kukasindikiza CV pashopu m'tauni, fulashi yabwerako ndi vairasi. Microsoft Defender ikagwira fayilo yokayikitsa, kawirikawiri siyiwononga pomwepo. Imaitsekera mu C:\ProgramData\Microsoft\Windows Defender\Quarantine, foda yobisika, itaisokoneza kaye kuti isagwirenso ntchito. Nthawi zina imatsekera ndi fayilo yosalakwa yomwe. Ndinaonapo mayi wina akugwetsa misozi poganiza kuti kaundula wa ndalama za chilimba chawo watayika, pomwe anali m'menemo, osawonongeka ngakhale pang'ono. Fayilo yotere imabwezedwa kudzera mu Windows Security, pa Protection history, koma muyambe mwatsimikiza kuti ndi yanudi ndipo mukudziwa kumene inachokera. Ngati simukuidziwa, isiyeni momwemo.