Matayala a galimoto yaing'ono m'dzinja: werengani kaye musanagule

Mvula ikakhazikika kuno ku Ludzi, njira zochokera m'midzi kudzafika pachipatala zimasanduka matope ndi zithaphwi. Ambulansi singapezeke paliponse nthawi imodzi, choncho mayi woyembekezera akayamba matenda usiku, kawirikawiri amene amadzutsidwa ndi mwini galimoto yaing'ono wa pafupi: Sienta ya hayala, Probox ya wamalonda kapena Vitz ya aphunzitsi. Ngati muli ndi galimoto yotere, kapena mumayendetsa ya abwana anu, dziwani kuti tsiku lina idzagwira ntchito ya ambulansi, kaya mwakonzekera kaya ayi.

Azamba timaphunzitsa ophunzira athu za kuchedwa kutatu kumene kumapha amayi pa uchembere, monga anafotokozera Sereen Thaddeus ndi Deborah Maine m'chaka cha 1994: kuchedwa kuganiza zopita kuchipatala, kuchedwa kufika, ndi kuchedwa kulandira chithandizo. Kuchedwa kwachiwiriko kumachitikira pamsewu. Mayi amene akutaya magazi ambiri atangochira angathe kumwalira m'maola awiri okha ngati sathandizidwa. Tayala likaphulika panjira, kapena galimoto ikatererera m'ngalande, maola awiriwo amathera pomwepo. Ulendo suthera pa Ludzi pokha ayi. Odwala ena amatumizidwa kuchipatala cha boma ku Mchinji, ena mpaka ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, kudzera mumsewu wa M12 umene magalimoto amathamanga kwambiri. Tayala lanu liyenera kupirira zonse ziwiri: matope a kumudzi ndi tala wonyowa.

Matayala a kuchisanu si a kumvula

Magalimoto ang'onoang'ono ambiri amene tikuyendera anagwirapo kale ntchito ku Japan. Kumpoto kwa dzikolo, monga pachilumba cha Hokkaido, kumagwa chipale chofewa ndipo madzi amaundana pamsewu kwa miyezi ingapo. Anthu a kumeneko amavala galimoto zawo matayala apadera a nyengo yachisanu. Galimoto zina zimafika kuno zitavala matayala omwewo, ndipo matayala otere amapezekanso pakati pa a kaunjika.

Ukawaona amakopa. Mano ake ndi akuluakulu, tingalande take n'takuya, ndipo mtengo wake umaoneka wabwino. Koma paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mphira wa matayalawa anaupanga wofewa dala kuti usaume kunja kukazizira kufika pansi pa madigiri 7. Kuno ku Mchinji m'mwezi wa Okutobala ndi Novembala kumatentha mpaka madigiri 30 kapena kuposa, ndipo tala amatentha koposa pamenepo. Pa kutentha kotere mphirawo umafewa mopitirira muyeso, tayala limadyeka msanga, ndipo galimoto imayenda ngati ikuyandama mukamakhota. Choopsa kwambiri n'chakuti pa tala wotentha kapena wonyowa, galimoto yovala matayalawa imatenga mtunda wautali kuti iime mukaponda mabuleki. Mamita ochepa owonjezerawo ndi amene amasiyanitsa kuima bwino ndi kugunda wanjinga kapena ngolo.

Musanyengedwenso poganiza kuti mano akuluwo akupulumutsani m'matope. Dothi lamakande limadzaza tingalande ta tayala lililonse la galimoto yaing'ono, ndipo likadzaza, tayala limangozungulira pamodzimodzi.

Kuwazindikira sikovuta. Yang'anani m'mbali mwa tayala. Mukaona mawu akuti STUDLESS, WINTER, SNOW kapena ICE, limenelo ndi la kuchisanu. Mayina monga Blizzak la Bridgestone, iceGUARD la Yokohama ndi Winter Maxx la Dunlop ndi a matayala a mtundu umenewu. Ndi matayala abwino kwawo, kungoti sanapangidwire nyengo yathu. Chizindikiro china ndi kachithunzi ka phiri la nsonga zitatu lokhala ndi kanyenyezi pakati. Kenaka yang'anani pamano: dzino lililonse limakhala lochekedwachekedwa ndi timizere tambirimbiri tokhotakhota. Zilembo za M+S pazokha zisakuopseni, chifukwa zimapezekanso pa matayala ena oyenda nyengo zonse. Chimene mukufuna inu ndi tayala wamba la kotentha, lokhala ndi tingalande tozungulira tayala lonse totulutsira madzi.

Kukula kwa tayala ndi katundu amene linganyamule

Tsegulani chitseko cha dalaivala ndi kuyang'ana pachitsulo chimene chitsekocho chimatsekerapo. Magalimoto ambiri ali ndi kapepala komatidwa pamenepo, kosonyeza kukula kwa matayala oyenera ndi mpweya wake. Ngakhale mawu ake atakhala a Chijapani, manambala mungathe kuwawerenga. Lembani manambalawo, mupite nawo kogula.

Tiyeni titenge chitsanzo cha tayala lolembedwa 175/65 R14 82S. Nambala 175 ndi mulifupi mwa tayala m'mamilimita. Nambala 65 ikutanthauza kuti msinkhu wa khoma la m'mbali ndi magawo 65 pa 100 a mulifupimo, ndiye kuti pafupifupi mamilimita 114. R14 akusonyeza kuti tayalalo limavala rimu ya mainchesi 14. Nambala 82 ikunena za katundu: tayala limodzi lingasenze makilogalamu 475. Likanakhala 84 bwenzi ali makilogalamu 500, ndipo 88 ndi makilogalamu 560. Chilembo chomaliza ndi liwiro limene tayala lingapirire: S ndi makilomita 180 pa ola, T ndi 190, pamene Q, amene amapezeka pa matayala ambiri a kuchisanu, ndi 160.

Nambala ya katunduyi ndi yofunika kwambiri kwathu kuno, kumene galimoto yomweyo imanyamula anthu, matumba a feteleza, soya ndi mtedza. Musagule tayala la nambala yochepera imene yalembedwa pachitseko. Kumbukirani kuti matumba 6 a makilogalamu 50 ndi makilogalamu 300, ndipo pafupifupi kulemera konseko kumatsamira matayala awiri akumbuyo. Tayala lolemedwa limatentha m'kati, nsalu ndi mawaya ake zimafooka, kenaka limaphulika tsiku limene simunanyamule kanthu kolemera.

Tayala lili ndi tsiku lobadwa

Mphira umakalamba ngakhale tayala litangokhala m'sitolo. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi ozunguliridwa ndi kamzere, kawirikawiri kumapeto kwa zilembo zoyamba ndi DOT. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. Ngati palembedwa 2319, tayalalo linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Nthawi zina manambalawa amakhala mbali imodzi yokha, choncho litembenuzeni.

Makampani akuluakulu opanga matayala amalangiza kuti tayala likakwanitsa zaka 5 likugwira ntchito liziunikidwa chaka ndi chaka, ndipo likafika zaka 10 chipangidwire lichotsedwe ngakhale mano ake akuoneka abwino. Kuno dzuwa ndi lamphamvu ndipo magalimoto ambiri amakhala padzuwa tsiku lonse, choncho mphira umauma msanga. Mukapeza kuti manambala a tsikuwa afufutidwa kapena apalidwa, lisiyeni tayalalo.

Kuyeza mano

Ntchito ya tingalande ta tayala ndi kukankhira madzi kumbali kuti mphira ukhudze msewu. Tikachepa, madzi amalowa pansi pa tayala, galimoto n'kuyamba kuseseleka pamwamba pa madziwo. Zikatero chiwongolero chimapepuka m'manja ndipo mabuleki sagwira.

M'kati mwa tingalande muli timilatho ting'onoting'ono ta mphira tokwera mamilimita 1.6. Kuti mutipeze, funani kachizindikiro ka makona atatu kapena zilembo TWI m'mphepete mwa tayala, n'kutsata molunjika. Mano akadyeka mpaka kulingana ndi timilathoto, tayalalo latha. Koma pa nyengo ya mvula musadikire kufika pamenepo. Akatswiri ambiri amalangiza kusintha mano akatsala mamilimita 3. Kuyeza kwake n'kosavuta: lowetsani kamtengo ka machesi m'kangalande, gwirani ndi chikhadabo pamene mano athera, n'kuyeza pa lula ya mwana wa sukulu. Yezani malo atatu: kunja, pakati ndi m'kati. Tayala lodyeka mbali imodzi likukuuzani kuti miyendo ya galimoto siili bwino, ndipo mukavala latsopano osakonza miyendoyo, lidyekanso chimodzimodzi.

Ngati ndalama zalola la kaunjika lokha

Si aliyense angakwanitse matayala atsopano, ndipo palibe chifukwa chochitira manyazi. Koma la kaunjika muliunike lisanavalidwe ku rimu, masana kukuwala. Pisani dzanja m'kati mofatsa kuti mumve zigamba kapena mawaya otuluka. Chigamba cha pamano chingapirire, koma cha m'mbali n'choopsa, chifukwa khoma la m'mbali limapindika nthawi iliyonse tayala likazungulira. Panani khomalo ndi manja kuti ming'alu ionekere. Tayala lotupa pena pake lili ndi nsalu zoduka m'kati, ndipo silikonzeka. Samalaninso ndi matayala amene mano ake anachita kugobedwanso ndi mpeni kuti aoneke akuya. Matayala a galimoto yaing'ono alibe mphira wokwanira kugobedwa.

Matayala awiri a kutsogolo akhale ofanana kukula ndi mtundu, a kumbuyonso chimodzimodzi. Ngati mwagula awiri okha abwino, opanga matayala amalangiza kuwaika kumbuyo. Zimamveka zachilendo popeza magalimoto ang'onoang'ono ambiri amakoka ndi matayala a kutsogolo, koma chifukwa chake n'chomveka: kutsogolo kukaterera mumamva m'chiwongolero ndipo mukachepetsa liwiro galimoto imabwerera, pamene kumbuyo kukaterera galimoto imatembenuka mwadzidzidzi.

Za marimu

Achinyamata ambiri amakonda marimu akuluakulu onyezimira okhala ndi matayala opyapyala. M'tauni amakongola, koma m'misewu yathu amasaukitsa. Tayala la 195/45 R16 lili ndi khoma la mamilimita pafupifupi 88, pamene lija la 175/65 R14 lili ndi 114. Khoma lalitali ndi limene limameza maenje ndi miyala, kuteteza rimu komanso kuchepetsa kugwedezeka kwa wodwala amene wagona kumbuyo. Rimu yachitsulo ikagunda dzenje imapindika, ndipo nthawi zambiri amakaniko amatha kuiwongola. Yonyezimira ija imasweka, mpweya n'kutuluka wonse.

Pogula rimu, onetsetsani kuti mabowo ake akufanana ndi a galimoto yanu, chiwerengero ndi mpata womwe. Magalimoto monga Vitz, Fit, Note ndi Mira ambiri ali ndi mabowo anayi, koma Sienta yatsopanoko ili ndi asanu. Rimu yongokakamiza imamasula manati panjira. Dziwaninso kuti marimu ena onyezimira ali ndi manati akeake amene sagwira bwino rimu yachitsulo.

Mpweya ndi sipeya

Yezani mpweya kamodzi pamwezi, m'mawa matayala asanatenthe. Pakapepala ka pachitseko kaja mungapeze nambala monga 230 kPa, imene ndi chimodzimodzi 2.3 bar kapena pafupifupi 33 psi pa makina opopera. Kumenya tayala ndi phazi si kuyeza. Tayala la mpweya wochepa limatentha, limadya mafuta, ndipo limang'ambika msanga likagunda dzenje.

Tsegulaninso kumbuyo muone sipeya. Magalimoto ambiri a ku Japan a zaka zaposachedwa amabwera opanda sipeya, ali ndi kabotolo ka mankhwala omatira ndi kapampu basi. Mankhwalawo ali ndi tsiku lothera mphamvu, ndipo samata tayala long'ambika m'mbali. Ngati galimoto yanu ili yotero, gulani rimu ndi tayala lathunthu. Ngati muli ndi kasipeya kopyapyala kaja, kamafuna mpweya wambiri, 420 kPa, ndipo sikayenera kupitirira makilomita 80 pa ola. Jeke, sipanala ya manati, tochi, khasu, chingwe chokokera ndi kathabwa kotsamiritsira jeke pamatope zisachoke m'galimoto dzinja lonse.

Konzekerani mvula isanagwe

Nthawi yabwino younika zonsezi ndi Okutobala, pamene ndalama za zokolola zisanathere ku feteleza ndi mbewu. Ngati ndinu a komiti ya zaumoyo ya m'mudzi, kapena banja limene likuyembekezera mwana, pitani kwa mwini galimoto imene mukuidalira mukaone matayala ake limodzi, mwaulemu, ndipo musunge manambala a foni a madalaivala awiri osati mmodzi.

Pomaliza, tayala labwino chotani silingaolotse galimoto yaing'ono pamtsinje wodzaza. Madzi akakwirira mlatho kapena msewu, imani ndipo muimbire kuchipatala. Kwa amayi okhala kutali, kutsidya kwa mitsinje ndi madambo, njira yodalirika ndi kupita kuchidikiro mwezi wachisanu ndi chinayi ukangoyamba, makamaka ngati tsiku lochira likugwa pakati pa Disembala ndi Malichi. Kambiranani zimenezi ndi azamba pa sikelo yanu yotsatira.