Swichi ya galasi ikafa, si nkhani ya ku galaja

Eni ma Sienta onyamula anthu ndi katundu pamsewu wa M2, pakati pa Thyolo, Luchenza ndi Mulanje, amalidziwa vuto la galasi lokana kukwera. Mvula ikagwa katundu amanyowa, makasitomala n'kuthawira galimoto ina. Nthawi zambiri mota imakhala ili bwino. Chafa ndi swichi ya pachitseko cha dalaivala, yomwe imalowa fumbi ndi madzi.

Mwini galimoto ayambe waona fyuzi ndi batani lolokera magalasi. Kenako ayese swichi ya pachitseko chomwe chavutacho. Galasi likayenda, yolakwa ndi ya dalaivala.

Azimitse galimoto, achotse waya wa negetivu pa batire. Akulunge sikuludiraiva ndi kansalu, atukule chivundikiro pang'onopang'ono kuti timano take tisathyoke. Posolola pulagi adine kaloko kake, asakoke mawaya.

Pokagula ina ku Limbe atenge yakaleyo, afananize nambala ndi mapini. Ikakhala yogwirapo kale ntchito, aiyese asanalipire. Akatero, ya makaniko yatsala m'thumba, ndipo tsiku la msika silinamudutse.