Singano ya Geji Ikamakwera N'kutsika: Za Mapikapu a M'minda ya Tiyi ku Honde ndi ku Chipinge

Kum'mawa kwa dziko la Zimbabwe, kufupi ndi malire a Mozambique, kuli madera awiri otchuka pa ulimi wa tiyi. Loyamba ndi chigwa cha Honde m'boma la Mutasa, m'tsinde mwa phiri la Nyangani lomwe ndi lalitali mamita 2,592. Kumeneku kudatsegulidwa minda ya Aberfoyle, Eastern Highlands ndi Katiyo, ndipo alimi ang'onoang'ono amagulitsa masamba awo kumafakitale. Lachiwiri ndi boma la Chipinge, kumene tiyi adayamba kulimidwa m'zaka za m'ma 1920 pa munda wa New Year's Gift, ndipo kampani ya Tanganda idakula ndi minda monga Ratelshoek, Jersey ndi Zona.

Madera onsewa ali ndi misewu yoyesa injini. Wopita ku Honde amasiya msewu wa Mutare ndi Nyanga kumtunda kozizira, natsetsereka mokhotakhota kukafika ku Hauna, kunsi kotentha ndi kwachinyezi. Wopita ku Chipinge kudzera pa Birchenough Bridge amachoka m'chigwa chotentha cha mtsinje wa Save nakwera mpaka kupyola mamita 1,000. Pa ulendo wotere dalaivala wa pikapu amaona singano ya geji ya kutentha kwa injini ikukwera, kenaka ikutsika, osakhazikika. Alangizi a ku Mulanje ndi ku Thyolo, kapena a ku Gurué ku Mozambique, vutoli si lachilendo kwa iwo, pakuti tiyi amakonda dziko la mapiri.

Chimene chimatayika

Masamba a tiyi akathyoledwa sadikira. Akakhala mounjikana kwa maola ambiri amatentha okha, amafiira, ndipo fakitale imawatsitsa mtengo kapena kuwakana. Pamafunika makilogalamu anayi kapena asanu a masamba aawisi kuti papezeke kilogalamu imodzi ya tiyi wouma, choncho galimoto yofera panjira ndi katundu imataya thukuta la anthu ambiri. Chimodzimodzinso mlangizi amene wanyamula mbande kapena feteleza: akalephera kufika, alimi omwe adasiya ntchito zawo kudzamudikira amabwerera chimanjamanja.

Mmene injini imadziziziritsira

Pampu imazunguza madzi m'kati mwa injini, madziwo natenga kutentha kupita nako ku radiyeta, kumene mphepo imawaziziritsa. Pakati pa injini ndi radiyeta pali kachitseko kotchedwa thermostat, kamene m'mapikapu ambiri a dizilo kamayamba kutseguka pa madigiri pafupifupi 82. Ntchito yake ndi kusunga injini pa kutentha kumodzimodzi, kukwera kapena kutsika.

Chivundikiro cha radiyeta nachonso chili ndi udindo waukulu. Madzi amawira pa madigiri 100 m'mphepete mwa nyanja yamchere, koma munthu akakwera mamita 300 alionse amawira msanga ndi digiri imodzi. Pa mamita 1,000 amawira pa madigiri pafupifupi 97. Chivundikiro chabwino chimapanikiza madziwo kotero kuti sawira mpaka atapyola pamenepo ndi madigiri pafupifupi 20. Labala wake akatha, madzi amawirira pachitunda nathawira kunja, ngakhale injini ilibe vuto lina.

Kuwerenga singano pamodzi ndi msewu

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Singano yosakhazikika imaulula pamene pali vuto, malinga dalaivala aonetsetse nthawi ndi malo amene ikusunthira.

Ikamakwera pachitunda chokha galimoto italemedwa, n'kubwerera pamalo pake poyenda pathyathyathya, ndiye kuti radiyeta ikulephera kutaya kutentha konse. Kawirikawiri timipata take timakhala titatsekeka ndi matope, njere za udzu ndi tizilombo, kapena m'kati mwake mwadzaza dzimbiri.

Ikamakwera galimoto itaima kapena ikuyenda pang'onopang'ono pakati pa mizere ya tiyi, n'kutsika ikathamanga, wolakwa ndi fani kapena lamba wake amene wakhwepa.

Ikamagwera pansi penipeni pa mtsetse wautali monga wotsikira ku Hauna, ndiye kuti thermostat yakanirira chotseguka, kapena wina adaichotsa. Ikakwera kwambiri kenaka n'kugwa mwadzidzidzi, thermostat ikuchedwa kutseguka ndipo yatsala pang'ono kukaniratu.

Ikamayendayenda popanda chifukwa chooneka, hita naye n'kumatulutsa mpweya wotentha kenaka wozizira, madzi achepa ndipo m'mapaipi mwalowa mpweya. Koma ikamalumpha m'kuphethira kwa diso, makamaka m'mabampu, vuto ndi waya wa geji, pakuti madzi sangasinthe kutentha msanga chotero.

Chizindikiro choopsa kuposa zonse ndi thovu losalekeza m'madzi, utsi woyera kumbuyo, ndi oilo wooneka ngati tiyi wamkaka. Apa gasiketi ya mutu wa injini yapsa, ndipo galimoto isayendenso. Madalaivala adziwenso kuti madzi akatheratu singano imatha kutsika, chifukwa kachipangizo koyeza kutentha sikakukhudzanso madzi. Singano yotsika injini ikununkha kupsa si nkhani yabwino.

Chizolowezi chochotsa thermostat

M'maiko athu onse muli chikhulupiriro chakuti thermostat ndi ya kumaiko ozizira, ndipo amakaniko ena amaichotsa galimoto ikangoyamba kutentha. Kutero kumabisa matenda osawachiza. Radiyeta yotsekeka imakhalabe yotsekeka, ndipo pachitunda injini imatenthabe. Pamwamba pa apo, m'mawa wozizira wa mu Juni ndi pa mitsetse injini imayenda yosafunda, imadya dizilo wambiri, imachita mwaye ndi kutha msanga. Thermostat yowonongeka imafuna inzake yatsopano. Kuiyesa n'kosavuta: ikaikidwa m'poto wa madzi pamoto iyenera kutseguka madziwo asanawire, ndi kutsekeka akazizira.

Madzi oyenera

Madzi a m'mitsinje m'nyengo ya dzinja amakhala ndi dothi, ndipo a m'mijigo ina amasiya zoyera zouma m'mapaipi monga zimachitira m'ketulo. Madzi a mvula osefa bwino amaposa onsewa. Asakanizidwe ndi mankhwala a antifreeze monga mwa malangizo a pabotolo, kawirikawiri theka ndi theka. Ngakhale kumalo kosagwa chisanu mankhwalawa ndi ofunika chifukwa amaletsa dzimbiri ndi kuchedwetsa kuwira. Komatu ndi poizoni wotsekemera, choncho asatayidwe pomwe ana, agalu kapena ziweto zingafike.

Zoyenera kuchita

M'mawa uliwonse, injini isanalizidwe, dalaivala aone madzi, lamba, mapaipi ndi pansi pa galimoto ngati padontha kanthu. Radiyeta itsukidwe ndi madzi ochokera kumbali ya injini kutulukira kutsogolo, makamaka m'miyezi ya matope. Pachitunda alowetse giya yaing'ono msanga, osadikira kuti injini iyambe kubuula. Singano ikayandikira pofiira, aime pambali, atsegule hita, ndipo ngati madzi sakutayika aisiye injini ikulira pang'onopang'ono kwa mphindi zochepa asanaizimitse. Chivundikiro chisatsegulidwe injini ili yotentha, pakuti nthunzi yake imawaula nkhope ndi manja, ndiponso madzi ozizira asathiridwe m'injini yotentha chifukwa mutu wake ungang'ambike.

Pomaliza, m'buku la maulendo a galimoto mukhale danga lolembamo malo amene singano idasunthira, giya, ndi kulemera kwa katundu. Makaniko akalandira mawu oti idakwera pachitunda cha ku Chipinge ndi matumba khumi, n'kutsika galimoto itafika pamwamba, amadziwa poyambira, ndipo ofesi imagula chitsulo chimodzi choyenera m'malo mogula injini yonse.