Za Kuphunzira Nchito ya Kompyuta Munthu Atakula



M'mabanja ambiri masiku ano mukumveka mlandu umodzi. Mwana anatsiriza maphunziro ace ku yunivesite, nagwira nchito ya uphunzitsi kapena ya ukalaliki zaka zingapo, ndipo tsopano anena kuti afuna kubwerera kusukulu kukaphunzira za kompyuta. Makolo adabwa, nati: "Kuongola mtengo mpoyamba, nanga uyu si wakhwima kale?" Mkazi wace nayenso aganiza za ufa ndi za sukulu ya ana. Tiyeni tiunike mlanduwu pamodzi.

Poyamba tikuuzeni za Sisitere wina wa ku America, dzina lace Mary Kenneth Keller. Iyeyu anabadwa caka ca 1913, nalowa m'cipani ca Sisters of Charity of the Blessed Virgin Mary caka ca 1932. Anaphunzira masamu pa DePaul University ku Chicago. Pamene makina a kompyuta anali acilendo, akulu ngati cipinda, Sisitere sanacite nao mantha, koma anabwerera kusukulu. Caka ca 1965, ali ndi zaka 51, analandira digiri ya udokotala wa maphunziro a kompyuta pa University of Wisconsin, nakhala mmodzi wa anthu oyamba kuilandira m'dziko lonselo. Pambuyo pace anayambitsa maphunzirowa pa Clarke College, sukulu ya Akatolika ku Iowa, nawatsogolera zaka 20. Anamwalira caka ca 1985. Onani tsono, ukulu sutseka nzeru.

Njira imene Sisitere anaiyenda pamene inali yopapatiza, lero yakula. Ku Britain mayunivesite ambiri ali ndi digiri ya masitazi yokonzera anthu amene anayamba aphunzira zina, monga mbiri yakale, malamulo kapena zilankhulo. Maphunzirowa atenga caka cimodzi, kapena ziwiri kwa iye amene aphunzira akugwirabe nchito. Wophunzira ayamba ndi kulemba malamulo amene makina atsata, naphunzira kasungidwe ka zolembedwa zambirimbiri, ndipo miyezi yotsiriza apanga nchito yaceyace yoti aphunzitsi aiyese. Caka ca 2020 boma la kumeneko linapatula ndalama zothandiza ophunzira otere 1,000, mapaundi 10,000 yense, makamaka akazi, anthu akuda ndi olumala.

Koma tisanyengane. Zimene ena aphunzira zaka zitatu, pano azipanikiza m'miyezi 12, ndipo wocokera kunja alipira ndalama zoposa mwini dziko. Digiri yokha siilemba munthu nchito. Womaliza ayambanso pansi, pansi pa anyamata amene akadakhala ana ace a sukulu. Pamenepa pafunika kudzicepetsa. Kumbukirani Ignasio Woyera wa ku Loyola, msilikali uja, amene anakhala pa benci limodzi ndi ana ku Barcelona kuphunzira Cilatini ali ndi zaka 33.

Cifukwa cace malangizo athu ndi awa. Musanasiye nchito, yesani mtima wanu miyezi ingapo madzulo, ndi maphunziro aulere amene ali pa intaneti. Ngati muona kuti mukhoza kukhala usiku kufunafuna colakwa cimodzi osatopa, cizindikiro ncabwino. Ngati cikukokani ndi mbiri ya malipiro yokha, imani. Werengani ndalama zonse pamodzi ndi akazi anu kapena amuna anu, pakuti ngongole ya mmodzi idya banja lonse. Musagulitse munda wa makolo cifukwa ca ciyembekezo cabe.

Ndipo inu makolo, mwana wanu akabwera ndi mau otere, musamseke. Mumvereni, mumfunse bwino, mumpempherere. Yosefe Woyera, Mmisiri wa ku Nazareti, asunge onse ofuna nchito yoyenera, ndipo Mulungu adalitse mabanja anu.