Kamera yoyamba ya kalabu: dekhani musanapereke ndalama

M'makalabu a achinyamata omwe timayendera kuno ku Mchinji, kuyambira pa Boma mpaka kwa Kamwendo, ku Kapiri ndi kwa Mkanda, nkhani yogula kamera ikumveka kawirikawiri. Ena akufuna kujambula zisudzo ndi mpira wa kalabu. Ena akuona mwayi wopezerapo kangachepe pa maukwati ndi zinkhoswe. Maganizowa ndi abwino, koma ndalama yomwe mwasonkherana mutagulitsa mtedza kapena soya ikhoza kuthera pa chinthu chakufa. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kodi DSLR n'chiyani?

Iyi ndi kamera ya dijito yomwe lenzi yake imachotsedwa n'kuikapo ina. M'kati mwake muli kagalasi komwe kamakuonetsani zenizeni zomwe lenzi ikuona. Sensa yake, yomwe imalandira kuwala, ndi yaikulu kuposa ya foni. N'chifukwa chake imajambula bwino m'tchalitchi momwe mulibe kuwala kokwanira, ndiponso imagwira wosewera mpira ali pa liwiro.

Makamerawa anayamba kutsika mtengo mu 2003 pomwe kampani ya Canon inatulutsa EOS 300D. Masiku ano Canon ndi Nikon aika mtima pa makamera opanda kagalasi kaja, otchedwa mirrorless, ndipo ojambula ambiri akugulitsa ma DSLR awo akale. Apa ndiye pali mwayi wathu. Kamera yogwiritsidwapo kale ntchito, ngati ili bwino, ndi yokwanira kwa wophunzira.

Tisankhe iti?

Musakopeke ndi wogulitsa wongotchula kuchuluka kwa ma megapixel. Canon 1100D ya 2011 ili ndi 12 okha, koma chithunzi chake chimatuluka bwino papepala la A4. Nikon D3100 ya 2010 ili ndi 14, Canon 600D ili ndi 18, pomwe Nikon D3500 ndi Canon 2000D, zonse za 2018, zili ndi 24. Iliyonse mwa izi ikhoza kukuphunzitsani ntchito.

Kuno kwathu funso lalikulu ndi batire. Malinga ndi makampani omwe anazipanga, D3500 imajambula zithunzi pafupifupi 1,550 isanafune kutchaja, pomwe 2000D imajambula pafupifupi 500. Ngati kalabu yanu ili kutali ndi magetsi, kusiyana kumeneku si kwamasewera.

Yambani ndi lenzi ya 18-55mm yomwe imabwera ndi kamera. Dziwani kuti lenzi ya Canon silowa pa Nikon. Komanso makamera a Nikon omwe tatchulawa safokasa okha ndi lenzi zakale zopanda mota. Funani yolembedwa AF-S. Yolembedwa AF-P imagwira pa D3500 koma osati pa D3100.

Musanapereke ndalama

Pitani awiri kapena atatu, mutatenga memori khadi yanu, ndipo chitani izi:

1. Jambulani zithunzi zingapo, n'kuziona pa kompyuta. Chithunzi cha khoma loyera chimaonetsa madontho ngati sensa ili ndi fumbi kapena yakalika.
2. Chotsani lenzi, muiyang'ane poloza kuwala. Mukaona timizere tonga ukonde wa kangaude, imeneyo ndi nkhungu yobwera ndi chinyezi. Isiyeni.
3. Funsani shutter count, kutanthauza zithunzi zonse zomwe kamerayo yajambula chiipangireni. Zambiri za ophunzira zinapangidwa kuti zifike cha pa 100,000. Ya 20,000 ikadali ndi moyo, koma ya 90,000 yatopa.
4. Onetsetsani kuti batire ndi tchaja zilipo ndipo zikugwira ntchito. Ngati m'bale wakugulirani ku Joni, pulagi yake siilowa m'masoketi a kuno, ndiye mufunika adaputala.
5. Lemberanani kalata yogulitsirana, yokhala ndi nambala yapansi pa kamera ndi dzina la wogulitsa monga lilili pa chiphaso chake. Akakana, chokanipo. Katundu wakuba amamangitsa ndi wogula yemwe.

Pokhala m'malire, ena aganiza zokagula ku Chipata. Palibe choletsa, koma dzerani pa chipata cha Mchinji-Mwami, sungani lisiti ndipo onetsani katunduyo kwa a MRA. Werengeranitu msonkho ndi thiransipoti, mwina mupeza kuti ku Lilongwe n'kotchipirako. Njira zachidule zikhoza kukulanditsani kamera.

Musathere ndalama yonse pa kamera. Siyani ina ya batire lachiwiri, memori khadi ndi chikwama chotseka bwino. Fumbi la mu Okutobala limalowa msanga, choncho musasinthe lenzi pamphepo. Kalabu ikhalenso ndi buku lolembamo yemwe watenga kamera ndi tsiku lobweza, kupewa mikangano.

Kamera ili ndi udindo wake

Ife azaumoyo tinaphunzitsidwa kusunga chinsinsi, ndipo wojambula naye ayenera kutero. Chithunzi cha munthu ali pamzere wolandira mankhwala kapena akutuluka m'chipinda choyezera magazi chikangofika pa WhatsApp kapena Facebook sichibwereranso, ndipo chikhoza kumubweretsera tsankho. Pemphani chilolezo nthawi zonse ndipo fotokozani komwe chithunzicho chipite. Kwa mwana, funsani makolo. Pa Gule Wamkulu, yambani mwaonana ndi amfumu. Munthu akati ayi, tsitsani kamera.

Achinyamata anzathu, nkhaniyi ikambiraneni pa msonkhano wanu wotsatira. Sankhani anthu okaona kamera, gwirizanani ndalama yomwe simupitirira, ndipo mukabwere ndi lisiti kuti aliyense alione.