MPIRA NDI MTENDERE: PHUNZIRO LOCHOKERA KU BOUAKÉ

Makolo athu adati nkhondo siimanga mudzi. Lero tiyeni tione m'mene mpira wamiyendo udathandizira dziko lina la mu Afrika litagawanika, tionenso pamene mphamvu yake idalekezera.

M'mwezi wa Sepitembala 2002, ku Côte d'Ivoire kudabuka nkhondo yapachiweniweni. Oukira boma adalanda chigawo cha kumpoto, nakhazikitsa likulu lao ku Bouaké, pamene boma la Laurent Gbagbo lidatsala ndi kumwera. Komabe timu ya dzikolo, yotchedwa Njovu, siidagawanike ai. Didier Drogba, Mkhristu wobadwira ku Abidjan, ankasewera limodzi ndi Kolo Touré, Msilamu wobadwira ku Bouaké.

Pa 8 Okutobala 2005, Njovu zidagonjetsa Sudan ndi zigoli 3 kwa 1, ndipo kwa nthawi yoyamba zidapeza malo pa mpikisano wa dziko lonse wa 2006 ku Germany. Tsiku lomwelo osewerawo adagwada pamaso pa anthu a kwao kudzera pa wailesi ya kanema, Drogba napempha mbali zonse ziwiri kuti zikhululukirane, zitule pansi zida ndi kuchititsa chisankho.

Pangano la mtendere litasainidwa ku Ouagadougou mu Malichi 2007, Drogba adapempha kuti masewera olimbana ndi Madagascar akachitikire ku Bouaké. Pa 3 Juni 2007 Njovu zidapambana kumeneko ndi zigoli 5 kwa 0, akumpoto ndi akumwera akukondwera pamodzi. Pa 30 Julayi, Gbagbo ndi Guillaume Soro, mtsogoleri wa oukira boma, adatentha mfuti m'bwalo lomwelo.

Nanga mphamvu imeneyi ichokera kuti? Poyamba, pabwalo lamulo limakhala limodzi kwa onse, ndipo mbali zonse zimamvera woimbira mmodzi. Kachiwiri, wopatsira mpira sayamba wafunsa mtundu kapena chipembedzo cha mnzake. Kachitatu, wogonja lero saphedwa, amadzayesanso mawa. Choncho munthu amaphunzira kupikisana ndi mnzake popanda kumuda.

Koma tisadzinyenge. Chitatha chisankho cha 2010 nkhondo idabukanso, ndipo pofika Epulo 2011 anthu pafupifupi 3,000 adali ataphedwa. Mpira umalambula njira, koma suweruza milandu ya malo, ya unzika kapena ya chisankho. Imeneyo imafuna chilungamo ndi atsogoleri osunga pangano.

Tsono ife makolo ndi akatekisiti, tisaone masewera ngati kutaya nthawi. Pokonza matimu a achinyamata, tisakanize ana a midzi yosiyana ndi a zipembedzo zosiyana, osaiwala atsikana. Tisalole kutukwana woimbira kapena kugenda alendo, ndipo masewera akatha ana athu apatsane moni wa padzanja. Mwana wodziwa kugonja pabwalo mosakwiya adzadziwanso kulandira chigamulo pabwalo la milandu ndi pa tsiku la chisankho.