Masipika Akale: Nyimbo Zokoma M'nyumba Popanda Ngongole

M'mabanja ambiri muli mkangano umene suchedwa kubuka mwezi ukatha. Ana afuna choimbira chachikulu chimene anaona m'sitolo, chokhala ndi nyali zophethira ndiponso mawati zikwizikwi olembedwa pa katoni. Makolo nawo akuwerengera fizi, feteleza ndi lendi ya nyumba. Ena amagonja nakatenga choimbiracho pa ngongole, ndipo nthawi zina chimakhala chete pakona ngongoleyo isanathe. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tsono ilipo njira ina imene makolo ndi ana angagwirizanepo, ndiyo ya masipika akale ang'onoang'ono, aja anapangidwa kuti azikhala pa shelefu ya mabuku.

Kumene anachokera

Kale munthu wofuna kumva bwino mawu a besi anayenera kukhala ndi bokosi lalikulu ngati kabati. M'chaka cha 1954, Edgar Villchur wa ku America anaonetsa nzeru ina. Iye anatseka bokosi laling'ono kotheratu kuti mpweya wa m'kati usatuluke, ndipo mpweyawo unkabweza kambale konjenjemera ka sipika monga ichitira sipuling'i. Motero bokosi lochepa linayamba kutulutsa besi yoyera. Villchur ndi wophunzira wake Henry Kloss anayambitsa kampani ya Acoustic Research, ndipo pambuyo pake Kloss anayambitsanso ina yotchedwa Advent m'chaka cha 1967.

Ku Britain nako kunali amisiri otchuka. Gilbert Briggs anayambitsa Wharfedale mu 1932, ndipo Raymond Cooke anayambitsa KEF mu 1961. Masipika monga Dynaco A-25, amene ankapangidwa ku Denmark kuyambira 1969, ndi Wharfedale Diamond, amene anatuluka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, anali a ophunzira ndi mabanja wamba. Popeza anapangidwa ochuluka zedi, ambiri alipobe, ndipo ena amafika kuno pamodzi ndi katundu wa kaunjika kapena ndi abale obwera kuchokera ku Britain ndi ku Joni. Koma musayese kuti sipika iliyonse yakale ndi yotsika mtengo. LS3/5A imene inakonzedwa ndi akatswiri a BBC cha m'ma 1975 ndi yaing'ono ndithu, koma mtengo wake lero ndi wa anthu olemera. Imeneyo isiyeni.

Chifukwa chake amakhalitsa

M'kati mwa sipika yotere mulibe zambiri zoti n'kuwonongeka. Muli maginito, koyilo ya waya wopyapyala, ndi kambale ka pepala lolimba kapena pulasitiki. Kawirikawiri timbale timakhala tiwiri: kokulirapo kotchedwa woofer kamatulutsa mawu a besi, ndipo kakang'ono kotchedwa tweeter kamatulutsa mawu okwera. Sipikayi siilumikizidwa ku magetsi a pakhoma, imalandira mphamvu kuchokera ku ampulifaya. Chotero ngakhale sipika yochokera ku America imagwira ntchito kuno popanda vuto. Chofunika kusamala ndi ampulifaya: ya ku Britain imagwirizana ndi magetsi athu a mavoti 230, koma ya ku America ya mavoti 120 idzapsa mukaipulaga popanda thiransifoma.

Yesani musanapereke ndalama

Safunsa anadya phula. Wogulitsa akakana kuti muyese, bwezani ndalama m'thumba. Poyamba chotsani nsalu ya kutsogolo, muyang'ane mkombero wofewa umene umagwira kambale kokulirapo. Ngati ndi wa mphira kapena wa nsalu, umenewo umakhalitsa. Ngati ndi wa siponji, monga pa masipika ambiri a Advent ndi Acoustic Research, dziwani kuti siponji imafumbwa ikatha zaka khumi ndi zisanu kapena makumi awiri, makamaka kumalo otentha ndi achinyezi. Mikombero yatsopano imagulitsidwa ndipo mmisiri wosamala angathe kuimata, koma mtengo wa sipikayo uyenera kutsika chifukwa cha ntchito imeneyi.

Chachiwiri, kankhani kambaleko pang'onopang'ono ndi zala zotambasula mozungulira pakati pake. Kayenera kulowa ndi kubwerera mwakachetechete. Mukamva kukhwekhwereza, koyilo inapsa kapena inapindika, ndipo kukonza kwake n'kovuta.

Chachitatu, tengani batire limodzi la tochi la mavoti 1.5, mugunditse kamphindi chabe ku mawaya awiri a kumbuyo. Sipika yamoyo imalira kuti "thu" ndipo kambale kamasuntha. Amene ali ndi mita ya amisiri a wailesi angapimenso: sipika yolembedwa ma ohm 8 imaonetsa pafupifupi 6, ndipo zimenezo n'zoyenera.

Chachinayi, imbani nyimbo imene mumaidziwa bwino, muike khutu pafupi ndi tweeter ya sipika iliyonse. Ikakhala yakufa, mawu amamveka ngati munthu wolankhula atafunda bulangeti. Nyimbo ya kwaya ndiyo muyeso wabwino koposa, pakuti khutu lathu limadziwa mawu a munthu. Ngati mungathe kusiyanitsa soprano, alto, tenala ndi besi, ndi kumva liwu lililonse la nyimboyo, sipikayo ndi yabwino.

Potsiriza yang'anani bokosi. Ambiri anapangidwa ndi matabwa a utuchi wopanikiza, amene amatupa akanyowa, ndiponso chiswe sichiwaleka. Zokala za pamwamba zisakudetseni nkhawa, koma bokosi long'aluka limataya mpweya ndi besi yomwe.

Za mawati

Apa ndipo achinyamata ambiri amanyengedwa. Nambala yaikulu yotsatiridwa ndi zilembo PMPO ndi yokopera ogula chabe. Nambala yoona ndi ya RMS, ndipo mawati 20 kapena 30 mbali iliyonse ndi okwanira pabalaza la nyumba wamba. Chimene chimapsereza masipika kawirikawiri ndicho kukweza ampulifaya mpaka mawu ayambe kusweka. Mukamva mawu akuthetheka, tsitsani msanga, pakuti tweeter ndiyo imayamba kufa. Musalumikizenso masipika ambiri pa waya umodzi, chifukwa ampulifaya imatentha nipsa.

Ampulifaya yakale yokhala ndi polowera polembedwa AUX kapena TAPE imalandira foni, wailesi kapena TV ndi kawaya kotsika mtengo. Kumene magetsi amavuta, kuli tiampulifaya tatsopano ta mavoti 12 timene timayenda ndi batire la sola.

Kaikidwe kake

Waya wa chizindikiro chofiira upite pofiira mbali zonse ziwiri, chifukwa mukasemphanitsa mbali imodzi besi imazilala. Masipika atalikirane mamita awiri, akhale molingana ndi makutu a munthu wokhala pampando, ndipo mpandowo utalikire mamita awiri kuchokera ku sipika iliyonse. Musawaike pansi pa simenti pamene pamakolopedwa, kapena pawindo pamene dzuwa limawomba.

Mawu kwa makolo ndi ana

Ubwino wina wa njira imeneyi ndi wakuti simugula zonse tsiku limodzi. Mwezi uno masipika, mwezi wina ampulifaya, monga tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. China chikawonongeka mumakonza chokhacho, zinazo zili chikhalire. Inu makolo, tengani mwana wanu popita kukayesa, mumupatse batire agunditse yekha. Adzaphunzira za maginito ndi magetsi koposa zimene angawerenge pa bolodi, ndipo chinthu chimene anasankha nawo adzachisamala.

Inunso achinyamata, kumbukirani kuti phokoso lopitirira madesibelo 85, munthu akamalimva maola ambiri tsiku ndi tsiku, limagonthetsa makutu pang'onopang'ono, ndipo makutu akagontha motero sachira. Kuseri kwa khoma lanu kungakhale wodwala, khanda logona, kapena mnzanu wokonzekera mayeso. Sipika yabwino imamveka bwino ngakhale motsitsa, kotero kuti agogo angathe kutsatira mawu a nyimbo, ndipo amayi akaitana kuchokera kukhitchini mumawamva.